Tsiku Limene Makhansala Anakhala Pansi

Panali mayi wina mumzinda wina, dzina lake Nangozo, amene ankagulitsa mbande za mitengo ndi maluwa m'mphepete mwa paki. Anzanga, tandimverani, inunso a Fomu 4 kumbuyoko, chifukwa Madamu Nyirongo andipatsa kanthawi kochepa belu lisanalire ndipo ine mtima ukungothamanga. Ndachita kulemba papepala kuti ndisadumphe kanthu.

Pakiyo inali pakati penipeni pa tauni. Sinali yokongola ngati zija za pakalendala ayi. Udzu unatha kalekale ndi mapazi a anthu. Mabenchi ambiri anangotsala miyendo ya simenti. Pakona ina pankanunkha, chifukwa chake mukuchidziwa nokha, sindichitchula pamaso pa aphunzitsi. Koma munali mitengo. Mibawa ikuluikulu, mikuyu, jakaranda, ndi kamtsinje kodutsa chakumunsi, kamene sikankauma ngakhale mu Okutobala.

Nangozo ankandandalika machubu a mbande zake pansi pa m'bawa wa pakona, pafupi ndi msewu waukulu. Madzi ankatunga kukamtsinjeko. Mbande zimafuna zinthu ziwiri zimenezo, mthunzi ndi madzi, ndipo m'tauni monsemo zinkapezekera pamodzi pamalo okhawo. Ana ake anawalera ndi ntchito imeneyi. Ina sankaidziwa.

Tsono mzindawo unali ndi khonsolo, ndipo khonsoloyo inali ndi mavuto ake enieni. Misewu inadzaza. Magalimoto ankaima paliponse. Mavenda ankayala malonda pakhonde la sitolo iliyonse, achinyamata akungoyendayenda opanda ntchito. Ndiye kunabwera kampani ina. Inati, tipatseni paki ija timangepo nyumba zosanja, masitolo pansi, maofesi pamwamba, koimika magalimoto kuseri, ana anu apeze ntchito. Makhansala anaona kuti m'mawuwo muli nzeru. Musawaone ngati anthu oipa a m'sewero. Ankafuna tauni yooneka bwino, monga timafunira tonsefe.

Lamulo lawo linkati asanagamule za malo aliwonse, komiti ipite ikaone malowo ndi maso. Ndipo inkapitadi. Koma kapitidwe kake tamverani. Ankakwera minibasi ya khonsolo, mawindo otseka kuopa fumbi. Akafika, dalaivala ankachepetsa liwiro pang'ono. Mmodzi ankaloza, "Ndi apa." Ena ankagwedeza mitu. Basi, kubwerera ku ofesi, malo aonedwa. Ndipo ukayang'anira pawindo la minibasi, pakiyo inkaoneka ngati tchire la zinyalala lodzaza anthu osowa chochita.

Mbiri inamupeza Nangozo kudzera mwa mlonda wina wa khonsolo. "Mayi, yambani kufuna kwina," anatero mlondayo, osamuyang'ana kumaso. "Pano papita."

Kwina kuti? Kumsika kunalibe mthunzi. Kunyumba kwake madzi ankachita kugula pa kiyosiki. Anavala chitenje chake chabwino n'kupita ku ofesi za khonsolo. Anamuuza kuti a wapampando a komiti ali pamsonkhano. Anapitanso. Anali atangotuluka. Anapitanso. Anamuuza kuti abwere sabata ya mawa. Chakudya chinasiya kumulowa. Akamathirira mbande, ankangoziyang'ana ngati munthu wothirira za mwini.

Kenako linafika tsiku limene komiti inayenera kudzaona paki chakum'mawa, n'kukagamula masana ake.

M'mawa umenewo Nangozo anapeza lole yodzaza malata itaima pakona pake. Kampani ija sinadikire. Inkadziwa kale mmene komiti imaonera malo. Anthu ake ankafuna polowetsera lole kuti ayambe kutchinga mpanda, ndipo chimene chinkawatsekereza chinali m'bawa uja. Makina ochekera anali atayamba kale kulira.

"Chotsani zinthu zanuzi, mayi, mtengo ukugwa uwu!"

Anakoka machubu amene anatha kukoka. Otsalawo anaphwanyika. M'bawa unagwa mpaka nthaka inanjenjemera, ndipo pakonapo panatseguka dzuwa limene linali lisanafikepo pansi chibadwire iye.

Pafupi naye pankakhala mtsikana wina wogulitsa nthochi, dzina lake Felesiya. Iyeyo anangogwira pakamwa.

"Basi zatha, aNangozo. Mawa tonse tili pamsewu."

Nangozo anaimirira akuyang'ana nthambi zimene zinali mbwee pansi, masamba ake obiriwira, akadali ndi mame. Kenako anawerama, natola nthambi zingapo, nayamba kuzikokera kumsewu waukulu.

"Mukupita nazo kuti? Nkhuni zake n'zaziwisi zimenezo."

Nangozo anadikira magalimoto adutse. Anayala nthambizo mopingasa msewu, kuchokera mbali ino mpaka mbali inayo. Anabwerera, natenga zina, nakaziyala chakumtunda, kupitirira pakona.

Anzanga, tonse tikudziwa tanthauzo la masamba oyalidwa pamsewu uku ndi uku. Palibe wofunika kumuuza. Pagwa maliro.

Felesiya anamuthamangira, namugwira chitenje. "ANangozo! Mutu ukuyenda bwino? Wamwalira ndani?"

"Ndisiye."

"Zimenezi n'zoitana tsoka, mayi inu. Muli ndi ana! Chotsani msanga anthu asanaone. A khonsolo akakugwirani, ine sindikukudziwani, ndanena."

Sikuti Nangozo sankadziwa kulemera kwa chimene ankachitacho. Masamba otere anawaonapo atayalidwa panjira ya kunyumba kwake komwe, chaka chimene anamwalira mwamuna wake. Komabe anamanga mpango kumutu, nakhala pansi pafupi ndi chitsa chija, miyendo atatambasula, maso pansi. Sanalire. Sananene bodza lililonse ndi pakamwa. Anangokhala.

Woyamba kufika anali wakabaza. Anaona masamba, natsika panjinga, nayamba kuikankha. Minibasi ina inafika wailesi ili pamwamba. Dalaivala anazimitsa, ndipo kondakitala anatseka pakamwa, chinthu chimene sichinachitikepo chilengedwere dziko. Amayi ena ochokera kuchipatala, odikirira odwala, mabeseni ali pamutu, anaona mnzawo ali pansi. Anatula mabeseni n'kukhala naye. Abambo odutsa anavula zipewa, ena nakhala chapatali pang'ono, kumbali yawo.

Pamaliro munthu safunsa mokweza. Ndiye anthu ankangonong'onezana.

"Wagundidwa ndi galimoto?"

"Kaya. Mwina mtengowu wagwera munthu."

Mawu amenewo anayenda mpaka anawafika odula mitengo aja. Anazimitsa makina awo. Anayang'anizana, aliyense akufunsa mnzake ndi maso ngati anaonetsetsa bwino mtengo usanagwe.

Nangozo ankamva zonsezi. Munthu aliyense wokhala pansi ankawonjezera mlandu wake. Gogo wina anayamba kuyimba nyimbo ya pamaliro motsitsa, ena nayankha. Apo Nangozo anafuna kudzuka kuti anene kuti pepani, palibe wafa, pitani. Koma sanadzuke. Felesiya, amene anati sakumudziwa uja, anabwera n'kukhala pambali pake.

"Mwatipha," ananong'ona. "Anthu awa akadziwa atiswa."

Komiti inachedwa. Dzuwa linakwera. Nangozo anayamba kuganiza kuti mwina sabwera n'komwe, mwina agamula osaona, ndipo iye waseweretsa maliro pachabe.

Kenako minibasi ya khonsolo inatulukira.

Dalaivala anaona masamba, nachepetsa liwiro. A wapampando anali bambo wachikulire, wadazi, mkulu wa mpingo kwawoko. Anasuzumira pawindo. Anaona mtengo uli pansi, lole ya malata, khamu la anthu lili chete.

"Imani."

"Bwana, nthawi yatha kale."

"Ndati imani."

Khansala sadutsa pamaliro, anzanga. Akatero mavoti ake amalowa m'manda limodzi ndi malemuyo. Komanso bamboyu mantha anamugwira. Ngati mtengo wapha munthu pamalo a khonsolo, komiti isanagamule n'komwe, adzayankha ndani?

Anatsika onse. Anazimitsa mafoni. Makhansala achizimayi anabwereka zitenje n'kukhala ndi amayi anzawo pafumbi. A wapampando anapita kumbali ya abambo, ndipo poona kuti ena akhala pa thunthu la mtengo wogwawo, nawonso anakhala pomwepo.

Mwambo wake mukuudziwa. Ukafika umakhala pansi, osalankhula. Umadikira wina wa pabanjapo abwere adzakuuze chimene chachitika. A wapampando anadikira. Palibe anabwera.

Anadikirabe. Dzuwa linawapeza padazi. Pamene anakhalapo panalibenso mthunzi, poti mthunzi wake ndi umene unali pansiwo. Thukuta linatsikira m'kolala. Anatulutsa kampango, napukuta, napukutanso. Kudzuka sakanatha, kusuntha n'kosayenera. Ndiye anachita chimene munthu wokhala pansi amachita. Anayamba kuyang'ana.

Inali nthawi ya nkhomaliro. Anthu ankatuluka m'masitolo ndi m'maofesi n'kumalowa m'pakimo kuchokera mbali zonse, aliyense kulunjika pamtengo wake ngati pakhomo pake. Atsikana ogulitsa m'masitolo anavula nsapato n'kutsegula mabakuli. Ophunzira a kukoleji anayala mabuku pamizu ya mkuyu. Mayi wina ankayamwitsa mwana atatsamira jakaranda, maso atatseka. Bambo wakhungu, amene a wapampando ankamuona tsiku ndi tsiku akupempha pa maloboti, anali gone chagada, chipewa kumaso, ngati munthu wina aliyense wotopa ndi ntchito.

Pambali pa a wapampando panakhala bambo wina wa malaya osita bwino, envelopu ya kaki ili pamwendo. A wapampando anamuweramira.

"Pepani ndi zovutazi, achimwene. Ndinu achibale?"

"Ayi, bambo. Ine ndimangokhala pano masana. Ndimafuna ntchito m'tauni muno. Miyendo ikatopa, ndi pano pokha pamene munthu umakhala pansi popanda wokufunsa kuti ukugula chiyani."

A wapampando anapukutanso thukuta.

Nangozo anaona kuti sangabisalenso. Anadzuka. Anayenda pakati pa anthu, nakagwada patsogolo pa a wapampando. Nyimbo ija inaima.

"Pepani, mayi," anatero a wapampando motsitsa. "Watisiya ndani?"

Nangozo anayang'ana thunthu lija.

"Mwamukhalira, bambo."

A wapampando anayang'ana pansi. Anaona khungwa, ndi utomoni umene unawamata pa buluku.

Kenako phokoso linaphulika.

"Mtengo? Tikulira mtengo ife?"

"Tasiya odwala m'chipatala chifukwa cha iwe!"

"Ufiti uwu! Mugwireni!"

Amayi aja anadzuka akukutumula zitenje. Gogo woyambitsa nyimbo uja analavula pansi. Mlonda wa khonsolo anamugwira Nangozo pamkono. Felesiya anayamba kulira, ulendo uno kulira kwenikweni.

A wapampando anaimirira, nakweza dzanja. Nkhope inali itasintha.

"Mayi, ine ndaperekeza anthu ambiri kumanda. Maliro si chinthu choseweretsa."

"Ndikudziwa, bambo. Ndalakwa. Ku ofesi ndinabwera, simunapezeke. Pamsewu mumangodutsa. Ndinasowa china chokukhazikani pansi."

"Kachotseni masamba aja. Nokha, ndi manja anu omwe."

Mlonda anamusiya. Nangozo anapita kumsewu. Anakoka nthambi imodziimodzi, madalaivala akuimba mahutala, kondakitala uja atapezanso pakamwa pake n'kumamutukwana. Palibe anamuthandiza. Anachotsa za kumunsi, nakachotsa za kumtunda. Mumtima ankangoti, ndataya malo, ndatayanso ulemu.

Pobwerera, anayembekeza kuona minibasi ya khonsolo ikunyamuka. Koma inali chiimire, chitseko chili chotsegula, mulibe munthu.

A wapampando anali atachoka padzuwa paja. Anachita zimene aliyense wopsa ndi dzuwa amachita, anafuna mthunzi. Anali atakhala pa benchi yothyoka pansi pa mkuyu, jekete atavula, makhansala anzawo atawazungulira, ena pamizu, ena pafumbi.

"Msonkhano wa masana uja tichitira pompano," anatero. "Auzeni a kampani makina awo asalirenso mpaka titamaliza. Ndipo amene ali ndi mawu, abwere pafupi."

Anthu anabwera. Anakangana kwambiri, musaganize kuti zinali zophweka. Makhansala ena ankati ntchito za achinyamata n'zofunika kuposa mthunzi, ndipo sankanama. Ena anakumbukira kuti kuseri kwa msika kuli yadi yaikulu ya khonsolo kumene malole akufa akungochita dzimbiri. Pamapeto pake nyumba zosanja zija anazilozera kumeneko. Malata anabwerera ndi lole yomwe inawabweretsa. Paki inatsala.

M'bawa uja sunadzuke. Nangozo palibe anamuthokoza. Anthu ena sanagulenso mbande zake mpaka kalekale, ndipo mwini wakeyo nkhaniyi sankainena monyadira. Anangosamutsira machubu otsala aja pansi pa mtengo wina, napita kukatunga madzi.

Tsono anzanga, tamverani, tamverani, chifukwa ndikapanda kunena ndiphulika! Nonse mukudziwa nkhalango yathu ya kuseri kwa sukulu kuno, kumene timawerengera mayeso akayandikira, imene khonsolo yathu ikufuna kusandutsa depoti ya maminibasi. A hedi andiitana m'mawa uno, ndipo andilola kuti ndinene ine. Makhansala avomera! Akubwera Lachisanu masana, komiti yonse, ndipo ati sangoyang'anira pawindo ayi, atsika! Eee, ombani m'manja, inenso ndinadumpha mu ofesi ya a hedi mpaka ndinagwetsa dasitala.

Koma chete pang'ono, sitinapambane. Angovomera kubwera. Akhoza kubwera n'kugamulabe zodula.

Ndamva kuti ena mwakonza kale nyimbo zowanyoza zoti mukawaimbire pageti. Chonde, ayi. Munthu ukamukuwiza amakweza windo. Ifenso tikamati makhansala onse ndi akuba, timakhala tikuwaonera pawindo lathu, sitinakhalepo nawo pansi n'kumva chimene chikuwavuta ndi maminibasi odzaza m'misewu. Ndipo wina asayerekeze kukathyola masamba, inu anyamata a Fomu 2 ndakuonani mukuyang'anizana. Nangozo analakwa, ndipo analipira. Chimene iye anachipeza ndi manyazi, ife tapatsidwa mwaulemu.

Ntchito yathu ndi yochepa. Tiwakhazike pansi pa mitengo yathu, nthawi imene timawerengako, ndipo tisawafulumizitse. Lachisanu aliyense anyamule buku lake monga mwa masiku onse. Ndipo amene angathe anyamulenso mpando umodzi, wosagwedera, osati wokhalapo iye, koma wa mlendo.